Pa draft ya NHL, mantha ndiwo okwera mtengo

Usiku wa Lachisanu, pa 24 June 2016, mabwana a matimu a NHL, ligi yaikulu ya hockey ya pa ayezi ku America ndi Canada, adasonkhana mumzinda wa Buffalo kudzasankha anyamata. Maina 30 adatchulidwa m'ndime yoyamba, koma la Alex DeBrincat silidamveke. Mnyamatayu adali atamwetsa zigoli 51 m'sizoni yake yoyamba ku Erie Otters, m'ligi ya achinyamata ya OHL. Okayika adati wapindula chifukwa chosewera limodzi ndi Connor McDavid. McDavid adachoka kupita ku Edmonton, ndipo sizoni yotsatira DeBrincat adamwetsanso zina 51. Okayika aja adangopeza dzina lina, nati tsopano akumunyamula ndi Dylan Strome. Chifukwa chenicheni aliyense ankachidziwa: mnyamatayu ndi wamfupi, masentimita 170 kapena kuposerako pang'ono. Chicago idamutenga m'mawa mwake, pa nambala 39. Atafika mu NHL adamwetsa zigoli 28 chaka choyamba, chachiwiri 41.

Nkhani imeneyi ndimaibwereza kawirikawiri chifukwa ikuonetsa matenda amene ndimawaona chaka ndi chaka. Timu ikamasankha wosewera wakutsogolo wa zaka 18, imayenera kuyang'ana patali pamene mnyamatayo angafike, ndi kulolera chiopsezo chimene chimadza ndi luso lalikulu. Ambiri sachita zimenezi. Amathamangira mnyamata amene amati ndi wodalirika, wosakhumudwitsa, ndipo ine ndikuti mnyamata wotero pa zaka 18 kulibe. Chimene amachitcha kusamala nthawi zambiri ndi mantha a munthu amene akuteteza ntchito yake.

Kwa ife amene tidakulira pa mpira wamiyendo, mpofunika kufotokoza pang'ono. Iyi ndi hockey ya pa ayezi, yosiyana ndi ija ya pabwalo. Mu NHL timu sigula mwana wa zaka 18 kuchokera ku timu ina monga zimachitikira mu mpira. Chaka chilichonse kumapeto kwa June matimu 32 amasinthana kutchula maina, ndime zisanu ndi ziwiri, maina oposa 220 onse pamodzi. Amene adachita zolobodoka m'ligi ndiwo amayamba kusankha, ndipo malo oyambirira enieni amachitira maere. Mnyamata amaloledwa kulowa ngati akwanitsa zaka 18 pofika pa 15 September chaka chimenecho. Timu ikamutchula, mu NHL sangasainire kwina kwa zaka zingapo. Imeneyi ndiyo draft.

Pa masewero aliwonse timu imakhala ndi akutsogolo 12, ogawidwa atatuatatu m'mizere inayi, ndipo amalowa mosinthana, mzere uliwonse osatha ndi mphindi imodzi yomwe pa ayezi. Mizere iwiri yapamwamba ndiyo imadaliridwa pa zigoli. Iwiri yapansi ntchito yake yaikulu ndi kutchinga, kugunda adani ndi kupumitsa akatswiri. Osaka luso akamakamba za mnyamata amagwiritsa ntchito mawu awiri a Chingerezi, floor ndi ceiling. Floor ndi pamene angathere zinthu zikapanda kumuyendera, ceiling ndi pamene angafike zonse zikalongosoka. Akati uyu floor yake ndi yokwera, akutanthauza kuti ngakhale zitavuta adzakhalabe wa mzere wachitatu. Akati ceiling yake ndi yokwera, ndiye kuti akhoza kudzakhala kadaulo, komanso akhoza osaponda n'komwe mu NHL.

Tsono tiwerengere ndalama, pakuti mkangano wonse wagona pamenepa. Kuyambira mu 2005 NHL ili ndi malire a ndalama zimene timu ingalipire osewera ake onse pamodzi. Malirewo adayambira pa $39 miliyoni, ndipo m'sizoni ya 2025-26 adafika $95.5 miliyoni. Timu yolemera ndi yosauka zonse zimamangidwa ndi chingwe chimodzimodzi. Mnyamata wochokera ku draft amasaina kontirakiti yoyamba ya zaka zitatu, malipiro ake okhazikika a pafupifupi $1 miliyoni pachaka, kaya amwetse zigoli 5 kaya 40. Katswiri amene wakhwima, mtengo wake ndi wina: mu September 2025 Minnesota idagwirizana ndi Kirill Kaprizov $136 miliyoni kwa zaka 8. Timu ikapeza katswiri pa draft imakhala yagula ng'ombe pa mtengo wa nkhuku, ndipo ndalama zotsalazo imalimbitsira mbali zina.

Nanga wa mzere wachitatu uja? Ameneyu amapezeka pa msika chaka chilichonse. Pa 1 July makontirakiti akatha, amuna okhwima a zaka 28 kapena 30, odziwa kutchinga ndi kugunda, amakhala mbwee kufuna ntchito, ndipo ambiri amasaina pa mtengo wotsika. Womwetsa zigoli 40 safika pa msika umenewu kawirikawiri, chifukwa timu yake imamumanga ndi kontirakiti yaitali asanayambe n'komwe kuganiza zochoka. Ndiye ndifunse: n'chifukwa chiyani timu iwononge malo a nambala 7 kapena 12 pa katundu amene ikhoza kumugula mu July, n'kusiya katundu amene sagulitsidwa? Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo mabwana ambiri amaganiza choncho. Vuto ndi lakuti pa draft fodya yense ali pachala. Palibe amene wafika pamphuno.

Onani za Lias Andersson. Mu 2017 New York Rangers idapereka Derek Stepan ndi goloboyi Antti Raanta ku Arizona, ndipo mwa zimene idalandira padali malo a nambala 7. Idasankha Andersson, mnyamata wa ku Sweden amene ankatamidwa kuti ndi wokhwima maganizo, mtsogoleri, wosewera mbali zonse ziwiri, wotsala pang'ono kukonzeka. Ndi ochepa amene ankati adzakhala kadaulo. Ankati sadzakhumudwitsa. Adasewera masewero 66 mu yunifomu ya Rangers, namwetsa zigoli 3, ndipo mu 2020 adatumizidwa ku Los Angeles mosinthana ndi malo a m'ndime yachiwiri. Pambuyo pake pa draft yomweyo padatchulidwa Martin Necas pa 12, Nick Suzuki pa 13 ndi Robert Thomas pa 20. Sindikunyoza Andersson, amene adali mwana monga anzake onse. Ndikutsutsa amene adamuveka chikwangwani chakuti sangalephere. Floor ija idali ya pakamwa chabe.

Chikwangwani chimenechi chimakonda kugwera anyamata athupi. Mu 2003, chaka chimene ambiri amati draft yake idali yonona kuposa zina zonse, Rangers yomweyo idatenga Hugh Jessiman pa nambala 12, chimphona cha masentimita 198 chochokera ku Dartmouth College. Kuvulala kudamubweza m'mbuyo, ndipo moyo wake wonse adasewera masewero awiri okha mu NHL, nawonso ali ku Florida. Amene adatsatira ndi Dustin Brown, Zach Parise, Ryan Getzlaf, Ryan Kesler, Mike Richards ndi Corey Perry, kenaka Patrice Bergeron pa nambala 45, onse odzakhala akatswiri. Getzlaf naye ndi wamtali, choncho msinkhu pawokha ulibe mlandu. Mlandu uli pa kuyamba kuyeza msinkhu, luso n'kumalifunafuna pambuyo. Mnyamata wamkulu thupi akamasewera ndi ana anzake a zaka 17 amawakankha ngati matumba a madeya, n'kuoneka chiphona. Akafika pakati pa amuna ofanana naye, chida chake chimodzicho chimatha mphamvu, ndipo mpamene timadziwa ngati m'manja ndi m'mutu mudali kanthu. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Palinso mtundu wina wa kusamala kwabodza: kusankha potengera chosowa cha lero. Montreal idakhala zaka zambiri ikulira wosewera wapakati, ndipo mu 2018 idatenga Jesperi Kotkaniemi pa nambala 3 chifukwa amasewera malo amenewo. Ottawa pa nambala 4 idatenga Brady Tkachuk, wa m'mbali, amene mu 2021 adakhala kaputeni wake. Pofika 2021 Kotkaniemi adali atapita ku Carolina. Mwana wa zaka 18 amafika pachimake patatha zaka zisanu kapena kuposerapo, nthawi imene kochi, osewera ndi zosowa za timu zonse zasintha.

N'chifukwa chiyani anthu odziwa ntchito yawo amabwereza zolakwa zomwezi? Ndikuganiza kuti yankho lili mu ofesi, osati pa ayezi. Bwana akasankha mnyamata wamtali wa ku Canada amene aliyense amamuika pamwamba, mnyamatayo n'kulephera, anthu amati tsoka, tonse tidaona chimodzimodzi. Akasankha kamnyamata kakafupi kapena wa ku Russia amene kubwera kwake n'kokayikitsa, zinthu n'kuvuta, anthu amati bwana uja ndi wosadziwa ntchito. Kulakwa pagulu kumakhululukidwa, kulakwa wekha kumachotsetsa ntchito. Komanso bwana amene mpando wake ukugwedezeka safuna chipatso chodzapsa patatha zaka zisanu, chifukwa akudziwa kuti adzadya ndi wina. Zofuna za timu ndi zofuna za munthu wosankhayo zimasiyana, ndipo amene amalipira kusiyanako ndi ochemerera, amene adzakhalapobe bwanayo atapita.

Timu imene idaonetsa njira ina ndi Tampa Bay Lightning, m'zaka zimene Steve Yzerman adali bwana wamkulu ndipo Al Murray ankatsogolera osaka luso. Mu 2011 Nikita Kucherov adatsetsereka mpaka nambala 58. Luso lake silidali lobisika. Matimu ankaopa kuti mnyamata wa ku Russia, wosakulanso thupi, akhoza kusankha kukhala kwawo m'ligi ya KHL kumene ndalama zidalipo zambiri. Tampa idalimba mtima. M'sizoni ya 2018-19 Kucherov adapeza mapointi 128, kuphatikiza zigoli ndi mapasi obala zigoli, nasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse m'ligi. Mu 2023-24 adafika 144.

Nkhani ya Brayden Point imandiphunzitsa zambiri kuposa pamenepa. Mu 2013-14 adapeza mapointi 91 ku Moose Jaw Warriors, koma osaka luso adalemba zinthu ziwiri: ndi wamfupi, ndipo liwiro lake pa ayezi ndi losakwanira. Kwa ambiri, zifukwa ziwirizi pamodzi ndi chigamulo cha imfa. Tampa idasinthana malo ndi Minnesota kuti ikwere sitepe imodzi yokha, kuchoka pa 80 kufika pa 79, n'kumutenga. Kenaka idamupereka m'manja mwa Barb Underhill, mayi amene adakhalapo katswiri wa dziko lonse pa masewera ovina pa ayezi awiriawiri, yemwe ntchito yake idali kukonza kapondedwe ka osewera. Point adagwira ntchito, ndipo lero amawerengedwa pakati pa aliwiro m'ligi. Tampa itatenga Stanley Cup, chikho cha NHL, mu 2020 ndi mu 2021, iye ndi amene adatsogola pa zigoli m'mipikisano yonse iwiri ya chikho, 14 chaka chilichonse. Mu 2022-23 adamwetsa 51.

Apa mpamene pali phunziro lenileni la kayezedwe ka chiopsezo. Zofooka sizifanana. Zina zimakonzeka: miyendo imaphunzitsika, thupi limadzaza ndi chakudya ndi zitsulo, kutchinga amaphunzitsa kochi aliyense. Zina sizikonzeka, ndipo yaikulu mwa izo ndi maso a m'mutu, kuona mpata usanatseguke, kudziwa kumene puck, kampira kophwathalala ka hockey, ikupita isanachoke pa ndodo ya mnzako. Luc Robitaille adasiyidwa mpaka nambala 171 mu 1984 chifukwa ankati sathamanga. Los Angeles Kings yomwe idamutengayo idayamba yasankha Tom Glavine pa nambala 69, mnyamata amene adasiya hockey n'kukatchuka pa baseball. Robitaille adatsiriza ndi zigoli 668. Jason Robertson adanenedwa zomwezo za miyendo mu 2017, Dallas idamutenga pa 39, ndipo mu 2022-23 adapeza mapointi 109. Timu yanzeru imafunsa kuti: chofooka cha mnyamatayu tili ndi munthu wochikonza? Ngati alipo, chofookacho chasanduka mwayi, chifukwa ndicho chatsitsa mtengo.

Ndisaname kuti Tampa idali ndi mneneri. Mu 2011 idayamba yatenga Vladislav Namestnikov pa 27 isanafike kwa Kucherov, ndipo mu 2014 idatchula maina atatu isanafike kwa Point. Chimodzimodzi Detroit, imene imatamidwa chifukwa cha Pavel Datsyuk pa 171 mu 1998 ndi Henrik Zetterberg pa 210 mu 1999: ikadadziwa chimene anyamatawa adzakhale, sikadadikira mpaka kumapeto. Mwayi ulipo ndithu. Koma mwayi umenewu umagwera okhawo amene m'ndime zakumapeto amaponyabe mbedza kumene kuli nsomba zazikulu. Amene pa nambala 150 amatenga mnyamata woti akakula adzakhale wa mzere wachinayi, ngakhale zonse zitamuyendera adzakolola wa mzere wachinayi basi.

Chiopsezo cha pasipoti nacho chimakokomezedwa. Kaprizov uja adatengedwa pa nambala 135 mu 2015. Minnesota idadikira zaka zisanu iye akusewera kwawo, ndipo atabwera adatenga mphoto ya wosewera watsopano wopambana mu 2021, chaka chotsatira napeza mapointi 108. Mu 2023 Matvei Michkov, amene ambiri ankati pa luso lokha akutsatira Connor Bedard, wotengedwa woyamba chaka chimenecho, adagwa mpaka nambala 7. Adali ndi kontirakiti ndi SKA ya ku Saint Petersburg mpaka 2026, ndipo chifukwa cha nkhondo ya ku Ukraine matimu a Russia adali oletsedwa m'mipikisano ya mayiko, kotero osaka luso ambiri sadamuone ndi maso. Philadelphia idalolera kudikira zaka zitatu, koma mnyamatayo adafika patangotha chaka chimodzi, namwetsa zigoli 26 m'sizoni yake yoyamba. Nkhani yake ikadali kulembedwa. Komabe timu imene ikusankha pakati pa khumi oyambirira nthawi zambiri imakhala ili pansi, ikumanganso, ndipo chikho sichili pafupi. Kudikira zaka ziwiri kapena zitatu kuitayitsa chiyani?

Otsutsa ali ndi maina awo, ndipo ndi maina olemera. Alexandre Daigle, woyamba mu 1993, Ottawa idamupatsa $12.25 miliyoni kwa zaka 5 asanasewere ndi kamodzi komwe, koma sadapose mapointi 51 m'sizoni imodzi, pamene Chris Pronger, amene adatengedwa wachiwiri, adakhala mmodzi wa otseka kumbuyo otchuka m'mbiri. Patrik Stefan, woyamba mu 1999 ku Atlanta, sadapose 40. Nail Yakupov, woyamba mu 2012 ku Edmonton, pofika 2018 adali atabwerera ku Russia. Amati: mwaona kumene luso lonyezimira limathera? Koma taonani bwino. Anyamata amenewa sadali juga ya bwana mmodzi wolimba mtima. Pa nthawi yawo adali pamwamba pa mindandanda ya anthu ambiri, ndipo kuwatenga kudali kutsata gulu. Kulephera kwawo kukutsimikiza zomwe ndikunena, kuti chigwirizano cha akatswiri sichichotsa chiopsezo.

Pali mfundo ina ya otsutsa imene ndiyenera kuivomera. Timakumbukira DeBrincat, Point ndi malemu Johnny Gaudreau, amene Calgary idamutenga pa 104 mu 2011 nadzapeza mapointi 115 mu 2021-22, chifukwa adapambana. Anyamata aafupi aluso amene adathera m'ligi yaing'ono ya AHL kapena ku Ulaya ndi ochuluka kuposa amenewa, ndipo maina awo palibe amawatchula. N'zoona. Timu yotsata njira imene ndikunena idzaphonya kambiri, mwina kuposa timu yosamala. Kusiyana kuli pa kukula kwa chokolola. Osewera asanu a mzere wachitatu saphatikizika kukhala Kucherov mmodzi, pakuti pa ayezi malo ndi owerengeka, ndipo mphindi zomaliza za masewero othina zimafuna munthu mmodzi wotha kuchita chimene ena sangathe. Walira mvula walira matope: wofuna katswiri alolere zaka zina zobwerera chimanjamanja.

Mfundo yawo yolimba kwambiri ndi ya mpikisano wa chikho. Kumeneko masewero amasintha. Oyimbira amalekerera zambiri, kugundana kumachuluka, matimu awiri amakumana mpaka kasanu ndi kawiri motsatizana, ndipo thupi laling'ono limaphwanyika. Florida Panthers idatenga Stanley Cup mu 2024 ndi 2025, kawiri konse pogonjetsa Edmonton ya McDavid, ndi masewero olemera, aukali, otsamira pa Matthew Tkachuk, Sam Bennett ndi Aleksander Barkov. Amati umu ndimo zikho zimatengedwera, ndiye sankhani amuna.

Ndikuvomera kuti timu ya anyamata aafupi okhaokha singafike patali. Koma funsani kuti Florida akutsogolo akewo idawapeza bwanji. Barkov idamusankha yokha pa nambala 2 mu 2013, ndipo ameneyu ndi wamkulu thupi komanso waluso loopsa, mtundu umene palibe amakangana nawo. Bennett adachokera ku Calgary mu 2021, Sam Reinhart ku Buffalo chaka chomwecho, Tkachuk ku Calgary mu 2022, onse pa msinthano. Carter Verhaeghe idangomusainitsa atasiyidwa ndi Tampa. Ndipo kuti ipeze Tkachuk idapereka Jonathan Huberdeau, katswiri wa mapasi amene idamusankha pa nambala 3 mu 2011. Luso ndi ndalama imene imagula china chilichonse m'ligi imeneyi, kuphatikizapo ukali. Wina wa anyamata amene adazunza Edmonton kwambiri mu 2025 ndi Brad Marchand wa Florida yomweyo, wa masentimita 175, amene Boston idamutenga pa nambala 71 mu 2006. Adamwetsa zigoli 6 mu fainolo imeneyo ali ndi zaka 37.

Sindikunena kuti chiopsezo chilichonse n'choyenera kuchikumbatira. Mnyamata waliwiro ngati mphepo, wa manja ofewa, koma amene nthawi zonse amaponya puck kumene kulibe mnzake, ine ndimamuopa kuposa wamfupi aliyense. M'ligi ya ana liwiro limabisa kusaona. Mu NHL onse ndi aliwiro, ndipo chotsala ndi mutu. Ndimaopanso thupi limene layamba kale kusweka. Nolan Patrick adasewera masewero 33 okha ku Brandon Wheat Kings m'chaka chake cha draft chifukwa cha kuvulala, koma Philadelphia idamutengabe pa nambala 2 mu 2017. Sizoni yonse ya 2019-20 adaikhala panja ndi matenda a mutu waching'alang'ala, ndipo ntchito yake idazima asanafike zaka 25. Mnyamatayu sadalakwe kanthu, ndipo nkhani yake imandimvetsa chisoni. Patrick ankatchulidwa kuti ndi wodalirika, wapakati wamkulu thupi wa ku Canada. Elias Pettersson, amene Vancouver idamutenga pa nambala 5, ankatchulidwa kuti ndi juga chifukwa adali woonda kwambiri. Pettersson adatenga mphoto ya watsopano wopambana mu 2019, ndipo mu 2022-23 adapeza mapointi 102. Kuonda kumatha ndi nthawi, ndipo ndiko kudawerengedwa ngati chiopsezo chachikulu.

Tsiku lobadwa nalo limanyenga maso. Malire a pa 15 September amachititsa kuti pa draft imodzi pakhale anyamata osiyana pafupifupi chaka chathunthu. Auston Matthews adabadwa pa 17 September 1997, adaphonya draft ya 2015 ndi masiku awiri, napita kukasewera ndi amuna ku Zurich asanatengedwe woyamba mu 2016. Kwa munthu ngati iye zilibe kanthu. Koma pakati pa anyamata wamba, wobadwa mu October amaoneka wokhwima kuposa wobadwa mu August wotsatira, ndipo osaka luso amatha kuwerenga miyezi khumi ya kukula ngati luso.

Chomaliza, ndipo chimene chimandipweteka kwambiri, ndi chakuti matimu amaiwala gawo lawo la pangano. Kutchula dzina ndi tsiku limodzi, kulera ndi zaka. Yakupov adamwetsa zigoli 17 m'masewero 48 a sizoni yake yoyamba, kuposa watsopano wina aliyense chaka chimenecho. M'zaka zinayi ku Edmonton adadutsa m'manja mwa Ralph Krueger, Dallas Eakins, Todd Nelson ndi Todd McLellan, aliyense ndi kachitidwe kake, m'timu imene inkagonja mlungu ndi mlungu. Mwina akadalepherabe kulikonse, koma mbewu yozulidwa ndi kuokedwanso chaka chilichonse sitingaiimbe mlandu wonse ikapanda kubala. Washington idasankha bwino mu 2012 potenga Filip Forsberg pa nambala 11, koma pasanathe chaka idamupereka ku Nashville kuti ipeze Martin Erat wothandiza msangamsanga. Erat adamwetsa zigoli 2 zokha ku Washington. Forsberg lero ndiye womwetsa zigoli zambiri m'mbiri yonse ya Nashville. Kumeneko ndiye kutaya bomwetamweta. Bennett naye, amene adasekedwa mu 2014 chifukwa cholephera kudzikweza pa chitsulo ngakhale kamodzi pa mayeso a thupi, ku Calgary sadapose zigoli 18 pa sizoni. Ku Florida, atapatsidwa malo apakati ndi anzake aluso, adamwetsa 15 mu mpikisano wa chikho wa 2025 nasankhidwa kukhala wopambana onse.

Mu June 2019, DeBrincat atangomaliza kumene sizoni yake ya zigoli 41, matimu adakumana ku Vancouver ndipo patsogolo pawo padali mnyamata wina wa msinkhu womwewo. Cole Caufield adali atamwetsa zigoli 72 m'masewero 64 ndi timu ya achinyamata ya dziko la America. Umboni udali pamaso pawo, komabe maina 14 adatchulidwa asanamufike, mpaka Montreal idamutenga pa 15. M'sizoni ya 2021-22 zinthu zidamuthina: chigoli chimodzi m'masewero 30, ulendo wa ku AHL, ndi manong'onong'o akuti okayika aja adalondola. Mu February 2022 Montreal idasintha kochi, n'kubweretsa Martin St. Louis, munthu wa masentimita 173 amene m'masiku ake palibe timu idamusankha pa draft, koma adadzakhala wosewera wopambana onse m'ligi mu 2004. St. Louis adamuonjezera mphindi, namuika pa mzere wapamwamba pamodzi ndi Nick Suzuki, namusiya aombere. M'masewero 37 amene adatsala, Caufield adamwetsa zigoli 22.